Nyimbo ndi ya woimba, kiyi ali kwa ena

Pali kauthenga kena kamene ojambula nyimbo amadana nako kuposa kuthima kwa magetsi. Magetsi akathima, munthu amadziwa kuti ayakanso, kaya usiku womwewo kaya mawa. Koma kauthenga aka kakatuluka pa kompyuta, konena kuti plugin yakutiyakuti sinapezeke, nthawi zina ndiye kuti chida chimenecho chapita basi.

Zimayamba ndi pempho laling'ono. Woimba wafika mu situdiyo, akufuna nyimbo ija anajambula zaka zisanu zapitazo ikonzedwenso. Ng'oma zitsike pang'ono, mawu ake achotsedwe kuti akaimbe yekha pa ukwati Loweruka. Wojambula atsegula pulojekiti pa makina ake atsopano n'kuiyambitsa. Mawu a woimba akumveka, gitala nayenso alipo. Besi mulibe. Kiyibodi ija inkalira ngati belu la tchalitchi chakutali yangoti zii. Mzere wake uli pomwepo, manotsi onse akuoneka bwinobwino, koma choimba palibe. Woimba ayang'ana wojambula ngati wataya katundu wake, ndipo wojambula asowa poyambira kufotokoza, chifukwa fayilo sinaonongeke ndipo palibe anaigwira. Chinasintha ndi chigamulo chimene anthu ena anapanga m'makampani a ku Cupertino kapena ku Hamburg, m'chipinda chimene woimba sanaitanidweko.

Nkhani ya ma plugin ndi mapulosesa imaoneka ngati ya akatswiri a makompyuta okha, koma pansi pake pali funso la umwini. Kampani ikasiya kusamalira chida chimene anthu anagula ndi kupangira nyimbo zawo, ilibe chifukwa chomveka chochisiyira chokhoma. Iyenera kuchitsegula kuti ena achisamalire.

Plugin ndi kapulogalamu kosaima pakokha. Kamalowa m'pulogalamu yaikulu yojambulira nyimbo, monga FL Studio, Cubase, Logic kapena Pro Tools, n'kumagwira ntchito imodzi. Ena ndi zida zoimbira, piyano, ng'oma, oligani. Ena amakonza mawu, monga Auto-Tune ya kampani ya Antares, imene inatuluka mu 1997 ndipo lero ili pakhosi pa oimba a dziko lonse lapansi. Kuti kapulogalamu ka kampani ina kalowe m'pulogalamu ya kampani inanso, pamafunika pangano la kalowedwe, ndipo Mmalawi aliyense amene anagulapo ayironi yochokera ku Johannesburg akulidziwa vutoli. Soketi ya pakhoma kuno ili ndi timabowo titatu tamakona, pulagi ya ku South Africa ili ndi mano atatu ozungulira, tchaja cha foni chili ndi awiri okha. Ndiye kumasakasaka adaputa pa msika, kapena kutokosa bowo lapamwamba ndi chotsekera cha cholembera kuti awiri apansi atseguke. Magetsi ndi omwewo, chavuta ndi polowera.

Soketi yotchuka kwambiri m'nyimbo ndi VST. Anaipanga a Steinberg, kampani ya ku Hamburg imene Karl Steinberg ndi Manfred Rürup anayambitsa mu 1984. Inatuluka mu 1996 pamodzi ndi Cubase, ndipo mu 1999 mtundu wake wachiwiri unalola kuti plugin izilandira manotsi n'kumaimba ngati chida. Apa ndi pamene situdiyo inayamba kukwana m'chikwama. Steinberg analola aliyense kupanga ma plugin pogwiritsa ntchito pangano lawolo, ndipo anthu anapangadi ambirimbiri, ogulitsa ndi aulere omwe. Pa ichi kampaniyi iyenera kuyamikidwa popanda kaduka.

Koma soketi siinakhale imodzi. Apple ili ndi yake, Audio Units. Mu Julayi 2002 inagula Emagic, kampani ya ku Germany imene inkapanga Logic, ndipo pofika kumapeto kwa Seputembala chaka chomwecho Logic ya pa Windows inalekeka. Amene anaphunzira ntchito yawo yonse pa pulogalamuyo anauzidwa mwanjira ina kuti agule Mac kapena ayambirenso kwina. Avid, eni ake a Pro Tools, ali ndi AAX, imene inabwera mu 2011 kudzalowa m'malo mwa RTAS ndi TDM, ndipo pofika Pro Tools 11 mu 2013 zakale ziwirizo zinali zosalowanso. A Linux ali ndi LV2. Choncho munthu wopanga plugin imodzi amaiumba katatu kapena kanayi, monga telala wosoka malaya amodzimodzi a misinkhu yosiyana.

Izi ndi za soketi zokha. Vuto lozama lili mkati mwa makina, pa kachipangizo kotchedwa pulosesa, kamene kamachita masamu onse a kompyuta. Pulosesa iliyonse ili ndi chilankhulo chake. Za Intel ndi AMD zimamva chotchedwa x86. Za m'mafoni, ndi za Mac zatsopano, zimamva cha ARM. Pulogalamu ikapangidwa, malangizo ake amasandutsidwa kukhala chilankhulo cha pulosesa imodzi, ndipo ina ikawaona siimvapo kanthu. Chimene chimavutitsa oimba kuposa anthu ena ndi chakuti plugin ya VST nthawi zambiri imakhala m'chipinda chimodzi ndi pulogalamu yaikulu, kudya mbale imodzi. Ngati yaikulu ikulankhula ARM, plugin nayonso izilankhula ARM. Wolemba makalata akasintha kompyuta amadikira kampani imodzi ikonze pulogalamu yake. Wojambula nyimbo amene ali ndi ma plugin makumi asanu amadikira makampani makumi awiri, ndipo imodzi ikachedwa, nyimbo zonse zimene munalowa chida chake zimadikira nayo.

Apple yasamuka chilankhulo katatu. Mu 1994 inachoka pa mapulosesa a Motorola 68000 kupita ku PowerPC. Mu Juni 2005 Steve Jobs analengeza zosamukira ku Intel, ndipo makina oyamba anatuluka mu Januwale 2006. Mu Juni 2020 inalengeza kuti ikusiya Intel kuti izipanga mapulosesa akeake a ARM, ndipo M1 inafika mu Novembala chaka chomwecho. Pa misamuko iwiri yomalizayi inapereka womasulira dzina lake Rosetta, pulogalamu yotembenuza malangizo akale kuti pulosesa yatsopano iwamve. Amene anakhalapo pa msonkhano wachitsitsimutso, mlaliki wakunja ali uku womasulira ali uku, akudziwa kuti uthenga umafika koma umadya nthawi ndi mphamvu. Mu nyimbo nthawi ndi yopanikiza zedi. Kompyuta yojambula pa mlingo wa CD imagawa mphindikati iliyonse m'tizidutswa 44,100 ta mawu, ndipo ikamagwira tizidutswa 128 pa nthawi imodzi, imakhala ndi tizigawo tosakwana titatu mwa tizigawo 1,000 ta mphindikati kuti ma plugin onse amalize masamu awo. Akachedwa pang'ono, m'sipika mumamveka kuthetheka.

Kunena zoona, Rosetta yachiwiri inagwira ntchito bwino kuposa mmene ambiri ankayembekezera. Vuto ndi lakuti womasulira ameneyu ndi waganyu. Rosetta yoyamba inachotsedwa mu 2011 pamene Mac OS X Lion inatuluka, ndipo pulogalamu iliyonse ya PowerPC imene inali isanakonzedwe inafera pomwepo. Yachiwiri nayo yapatsidwa kale notisi. Mu Juni 2025 Apple inanena kuti macOS 26 ndi yomaliza kulowa m'makina a Intel, ndi kuti Rosetta ikhalapo mokwanira mpaka macOS 27, kenako itsala yochepa yothandizira masewera akale.

Pakati pa misamuko imeneyi panalinso wina, wochoka pa 32-bit kupita ku 64-bit, umene unali ndi chifukwa chenicheni: pulogalamu ya 32-bit singagwiritse ntchito memore yoposa magigabaiti anayi, ndipo piyano imodzi yojambulidwa mwaluso imatha kudya gawo lalikulu la malowo. Logic Pro X itatuluka mu Julayi 2013 inakana ma plugin onse a 32-bit. Sylenth1, chida cha kampani ya LennarDigital chimene chinali m'nyimbo zovina zosawerengeka, chinalibe mtundu wa 64-bit wa pa Mac nthawi imeneyo, ndipo anthu anapulumukira pa adaputa yogula yotchedwa 32 Lives. Mu 2019 macOS Catalina inatseka khomo la 32-bit kotheratu.

Wina angafunse kuti nanga chovuta n'chiyani, si kungodina batani kuti pulogalamu ipangidwenso m'chilankhulo chatsopano? Kwa ma plugin ena zili pafupi ndi choncho, makamaka opangidwa ndi JUCE, bokosi la zipangizo limene Julian Storer anayambitsa ndipo opanga ma plugin ambiri amadalira. Koma amene anathamangitsa liwiro analemba mbali zina za pulogalamu yawo molunjika ku malangizo apadera a Intel, otchedwa SSE ndi AVX, amene amachita masamu angapo nthawi imodzi. ARM ili ndi akeake, NEON, ndipo mbali zimenezo zimafunika kulembedwanso ndi kuyesedwa kuti chida chizilira monga chinkalirira kale. Khutu la wojambula silikhululuka kusintha kwa kamvekedwe. Massive X ya Native Instruments, imene inatuluka mu 2019, inkafuna AVX, ndipo Rosetta yachiwiri poyamba sinkamasulira AVX, kotero pa Mac za M1 chidacho chinayamba chakhala panja. Pamwamba pa izi pali loko woletsa kukopera, monga iLok ya kampani ya PACE, amene nayenso amayenera kusamuka kaye ma plugin odalira iye asanasamuke.

Masiku akuonetsa kukula kwa ntchitoyi. M1 inatuluka mu Novembala 2020. Ableton Live inayamba kulankhula chilankhulo chake popanda womasulira mu Febuluwale 2022, Cubase mu Malichi 2022, ndipo Pro Tools, imene ili m'masitudiyo akuluakulu a mafilimu ndi nyimbo, inafika mu Malichi 2023. Awa ndi makampani a antchito ambiri. Nanga munthu mmodzi amene anapanga plugin yokondedwa ali m'chipinda chake chogona zaka khumi zapitazo, lero ali pa ntchito ina, kapena anamwalira?

Steinberg anaonjezera mfundo ina pa chingwe chomwecho. VST3 inatuluka mu 2008, koma opanga ma plugin ambiri anakakamira pa VST2 chifukwa inali yosavuta ndipo inkagwira ntchito. Mu Okutobala 2018 kampaniyi inasiya kupereka chilolezo chatsopano cha VST2, ndipo mu Januwale 2022 inalengeza kuti ikuisiya. Cubase ikamayenda m'chilankhulo cha Mac zatsopano silandira VST2 ngakhale imodzi. Choipa n'chakuti plugin yomweyo ikabwera mu VST3 nthawi zina imakhala ndi chiphaso china, ndipo pulojekiti yakale siizindikira kuti ndi mnzake yemwe uja. Chida chilipo, koma makonzedwe onse amene wojambula anatchera usiku wathunthu, kapotokolo aka apa, aka apo, sabwerera okha.

Makampani ali ndi yankho lawo, ndipo si lopanda nzeru. Kusamalira zakale kumadya ndalama ndi nthawi imene ikanapanga zatsopano. Mapulosesa atsopano ndi abwinodi. MacBook Air ya M1 ilibe n'komwe fani, motero munthu angajambule mawu laputopu ili pambali pa maikolofoni popanda kaphokoso, ndipo batire lake limapirira maola ambiri, chinthu chimene wojambula wa kumene magetsi amathimathima sangachinyoze. Walira mvula walira matope. Wopanga plugin amene wathera miyezi akusamutsa chida chake ali ndi ufulu wopempha malipiro, pakuti naye amadya. Palibe akunena kuti dziko liime.

Chimene sichimveka ndi kukhoma chitseko n'kuponya kiyi m'chitsime. Nkhani ziwiri zikuonetsa kusiyana kwake.

Alchemy chinali chida cha kampani yaing'ono ya ku Britain, Camel Audio, chokondedwa pa Windows ndi pa Mac pomwe. Mu Januwale 2015 kampaniyo inatseka mwadzidzidzi, ndipo posakhalitsa zinadziwika kuti Apple yaigula. Mu Ogasiti chaka chomwecho Alchemy inatulukiranso mkati mwa Logic, yokonzedwa bwino, koma ya mapulogalamu a Apple okha. Amene anaigula pa Windows, kapena ankaigwiritsa ntchito mu Cubase ndi Ableton, anatsala ndi mtundu wakale umene sudzakonzedwanso. Pa Mac yatsopano, mtundu umenewo moyo wake wamangiriridwa kwa womasulira uja wapatsidwa notisi.

Surge nayo inali yogulitsa. Anaipanga Claes Johanson, mmodzi mwa amene anadzayambitsa kampani ya Bitwig ku Berlin. Atatanganidwa ndi ntchito yatsopanoyo, mu Seputembala 2018 anatulutsa malemba onse a pulogalamuyo poyera pansi pa chilolezo cha GPL, kuti aliyense awaone, awakonze, awagawe. Anthu odzipereka a m'maiko osiyanasiyana anaitola. Lero ikutchedwa Surge XT, ndi yaulere, imayenda pa Windows, pa Linux ndi pa Mac zatsopano, ndipo ili ndi zambiri kuposa pamene inkagulitsidwa. Mwini wake sanataye kanthu, chifukwa anali atasiya kale kuidyera. Anthu amene anapanga nyimbo ndi chidacho sanatayenso kanthu.

Si kampani iliyonse ingachite monga Johanson, popeza ma plugin ena ali ndi zidutswa zobwereka kwa makampani ena zimene sangazigawe. Koma ngakhale zikatero, kuchotsa loko pa mtundu womaliza, kuti usamafune kulumikizana ndi kompyuta ya kampani imene mawa idzazimitsidwa, ndi chinthu chotheka kwa aliyense. Ogula ali ndi mawu pa izi kuposa mmene amaganizira. Mu Malichi 2023 kampani ya Waves inalengeza kuti yasiya kugulitsa ma plugin ake, aliyense azilipira mwezi ndi mwezi. Ojambula nyimbo padziko lonse anakwiya poyera, ndipo sabata isanathe kampaniyo inabweza ganizo lake.

Ku Malawi kuno Mac za M1 si zambiri, ndipo wina anganene kuti moto uwu ukuyaka kutali. Utsi wake wafika kale, wangolowera khomo lina. Masitudiyo ambiri a m'makwalala a Ndirande, Kawale kapena Chibavi amayenda ndi laputopu yakale yogula kwa ogulitsa zogwiritsidwa kale ntchito, ndipo makina oterewa ndi amene akuyamba kutsalira. Ableton Live 12, imene inatuluka mu 2024, imafuna pulosesa yokhala ndi AVX2, malangizo amene Intel anayamba kuika mu 2013 ndipo kwa zaka zambiri sankawaika m'mapulosesa ake otchipa a Celeron ndi Pentium. Laputopu yoyaka bwinobwino, yojambula kwaya yonse popanda kudandaula, imangouzidwa kuti pulogalamu yatsopano siilowa. Microsoft inasiya kusamalira Windows 10 pa 14 Okutobala 2025, ndipo Windows 11 imakana mapulosesa ambiri akale. Opanga ma plugin amatsatira pambuyo pake, mmodzimmodzi.

Ndiye pali ndalama. Mtundu watsopano wa plugin umagulidwa ndi madola pa intaneti, ndipo kwacha inagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndalama zakunja zikusowa m'mabanki. Palibe chifukwa chobisira zimene aliyense akudziwa: ma plugin ambiri a m'masitudiyo ang'onoang'ono anabwera pa fulashi ya mnzake, loko atathyoledwa kale. Amene amachita zimenezi amaona ngati wapulumuka, koma ndi iye amene msampha wa msamuko umamugwira kwambiri. Plugin yothyoledwa siikonzedwa, ilibe kopempha thandizo, ndipo imakhala pa mtundu umodzi mpaka tsiku limene makina asintha. Nyimbo zake zonse amazimanga pa maziko amene sangawanyamule. Komanso woimba amene amadandaula ku COSOMA kuti anthu akukopera nyimbo zake m'misika sangakane kuti wopanga plugin naye akumva ululu womwewo. Zida zaulere zovomerezeka zilipo ndipo si zachibwana: Surge XT, Dexed imene imatsanzira kiyibodi ya Yamaha DX7, ndi mtundu waulere wa Vital ya Matt Tytel.

Nyimbo za amapiano zapereka phunziro lina mosayembekezera. Kugunda kuja kwa log drum, kumene kukugwedeza maminibasi kuyambira ku Soweto mpaka ku Mchesi, kunachokera m'kachida kakale kotchedwa Fruity DX10, kamene kamabwera kale mkati mwa FL Studio. Si plugin yodula ya kampani ina. Popeza Image-Line ya ku Belgium ndi imene imakasamalira pamodzi ndi pulogalamu yonse, ndipo wogula FL Studio amalandira mitundu yatsopano moyo wake wonse osalipiranso, kachidako kamasamuka limodzi ndi nyumba. Pulojekiti yomangidwa ndi zida za m'nyumba imatseguka mosavuta kuposa yodzaza ndi zobwera. FL Studio ndi Reaper pa Windows zimathanso kulandira ma plugin akale a 32-bit kudzera pa mlatho wamkati, umboni wakuti kusunga zakale n'kotheka pamene kampani yafuna.

Makampani a nyimbo anachitapo kale chinthu cholondola, ndipo chikadali moyo. Mu Januwale 1983, pa chionetsero cha NAMM ku California, kiyibodi ya Prophet-600 ya Dave Smith inalumikizidwa ndi Jupiter-6 ya kampani ya Roland ya Ikutaro Kakehashi, ndipo ina inaimbitsa inzake. Imeneyo inali MIDI. Eni ake sanaikhome, anaipereka kuti makampani onse aigwiritse ntchito. Padutsa zaka zoposa 40, mapulosesa asintha kangapo, makampani ena anatha, koma kiyibodi ya m'tchalitchi ya m'ma 1980 ikhoza kulumikizidwa ndi laputopu ya chaka chino n'kumvana. N'chifukwa chake mu pulojekiti yosweka ija manotsi amakhala alipo. Chimasowa ndi chida chokhomedwa.

Mzimu umenewo ukubwerera. Mu Juni 2022 makampani awiri a ku Berlin, Bitwig ndi u-he, anatulutsa soketi yatsopano yotchedwa CLAP, imene Alexandre Bique anaiyamba, pansi pa chilolezo cha MIT. Tanthauzo lake ndi lakuti palibe kampani imene ingadzuke m'mawa n'kunena kuti yasiya kupereka chilolezo, monga zinachitikira VST2. Reaper inailandira, FL Studio inailandira mu 2024. Ena anadandaula kuti soketi yachisanu ingoonjezera chisokonezo pakhoma, ndipo dandaulo lawo lili ndi mbali yoona. Koma mu Okutobala 2025 Steinberg, imene tsopano ili m'manja mwa Yamaha, inaikanso VST3 pansi pa chilolezo cha MIT chomwecho. Zinatenga pafupifupi zaka 30 chiyambire VST, koma zachitika, ndipo n'zoyenera kuziombera m'manja. Nayo Microsoft, pobweretsa malaputopu a mapulosesa a Snapdragon X a ARM mu 2024, inali itakonza kale njira yotchedwa ARM64EC, yolola pulogalamu yaikulu kulankhula chilankhulo chatsopano kwinaku ikulandira ma plugin akale a x86 m'chipinda chomwecho. Uku ndiko kuganizira wogula amene ali ndi katundu wakale.

Komabe soketi yotseguka siipulumutsa plugin yokhomedwa. CLAP ndi VST3 zingakhale za aliyense, koma chida chimene mwini wake anachisiya osatsegula chidzafabe pa msamuko wotsatira. Apa mpamene mabungwe a oimba, masukulu ophunzitsa zojambula nyimbo ndi magazini oyesa zida ayenera kuyamba kufunsa funso limodzi asanayamikire plugin iliyonse: kampani yanu ikadzatseka, ogula mudzawasiyira chiyani? Yankho lake lilembedwe pamalo oonekera monga mtengo.

Podikira zimenezo, wojambula ali ndi chitetezo chimodzi chimene sichifuna dola. Hugh Tracey anayenda m'Nyasaland m'zaka za m'ma 1950 akujambula oimba bangwe, kalimba ndi nyimbo zapamtondo pa tepi, ndipo mawu amenewo akumvekabe lero kuchokera ku International Library of African Music ku Makhanda, chifukwa chimene chinasungidwa ndi mawu enieniwo. Pulojekiti ya pa kompyuta sisunga mawu a besi. Imasunga malangizo opita kwa chida, akuti imba notsi iyi motere, ndipo chida chikachoka malangizowo amalankhula okha. Nyimbo ya 2015 ikhoza kuvuta kuitsegula kuposa ya 1958.

Ojambula osamala amachita mwambo wina nyimbo ikatha, woimba atanyamuka kale. Amatulutsa mzere uliwonse pawokha ngati fayilo ya WAV, kuyambira pachiyambi penipeni pa nyimbo mpaka kumapeto: ng'oma payokha, besi payokha, kiyibodi, mawu otsogolera kawiri, ena osakonza ena okonza, oyankhira pawokha. Amasunganso manotsi a MIDI, ndi kafayilo kakang'ono kolembamo liwiro la nyimbo, kiyi yake ndi maina a ma plugin onse amene analowamo. Zonsezi amaziika m'malo awiri, china m'kabati ya mu situdiyo, china kunyumba kwa mlongo wawo. Ntchitoyi imatenga ngati theka la ola pa nyimbo imodzi ndipo palibe kasitomala amalipira. Amene ali ndi mapulojekiti akale pa Mac ya Intel, kapena pa laputopu ya Windows 10 imene batire lake linafufuma kale, akadali ndi makina okhoza kuwatsegula lero, ndipo mulu wa nyimbo zodikira kutulutsidwa motere umayambira pa chimbale choyamba chimene anajambula.